Amayi a ku China ndi ulusi wa silika m'nthawi ya mafumu: unali ulemu kapena goli?

Nachisale_wa_Zomba
Abale ndi alongo a pa gulu lino, ndikupempha odziwa mbiri kuti andithandize. Zithunzi zakale za ku China zosonyeza kapangidwe ka silika pafupifupi zonse zimaonetsa amayi: ena akuthyola masamba a mabulosi, ena akudyetsa mbozi m'malichero, ena ali pambali pa mphika wa madzi otentha akukoka ulusi. Zimamvekanso kuti ngakhale mkazi wa mfumu yaikulu ankachita nawo mwambo wodyetsa mbozizi. Kodi chikwa cha mbozi chimasanduka bwanji ulusi woombera nsalu? Ndipo kodi ntchitoyi inkawapatsa amayiwo ulemu ndi chuma, kapena linali goli lomwe anawasenzetsa ndi mawu okoma?

Telala_wa_ku_Limbe
Ine ndikuganiza kuti ankangozula ubweya wa pa chikwacho n'kuupota monga mmene amapotera thonje.

Mphunzitsi_Wopuma
A Telala, pamenepo ndi pomwe silika amasiyanirana ndi thonje. Thonje limabwera ngati tiubweya tatifupitifupi, ndipo kupota ndiko kulumikiza tiubweyato kuti tikhale chingwe chimodzi. Pa silika, wopota ndi mbozi mwiniwake. Imatulutsa mkamwa mwake kaulusi kamodzi kosaduka n'kumadzikulunga nako kwa masiku awiri kapena atatu mpaka chikwa chitatha, ndipo kaulusi ka chikwa chimodzi kamatalika mamita mazanamazana. Ntchito ya mayi inali yomasula zimene mbozi yakulunga.

Kaulusiko kamakhala komatidwa ndi ulimbo wa mbozi yomweyo, ndipo ulimbowo umafewa m'madzi otentha. Mayi ankaponya zikwa zingapo mumphika n'kuzivundula ndi timitengo tansungwi mpaka nsonga za tiulusi zitakola pa timitengoto. Kaulusi kamodzi n'kochepa kwambiri moti sikangaombedwe pakokha, motero ankaphatikiza tiulusi ta zikwa zingapo n'kutidutsitsa pa kabowo kamodzi kuti timatane, kenako ulusiwo n'kukakulungika pa gudumu lamatabwa. Luso lenileni linali losunga kukula kwa ulusi. Kaulusi ka chikwa kamanka kachepa pamene ukuyandikira mkati, ndipo chikwa china chikatha kapena kaulusi kake kakaduka, mayi ankayenera kuponyapo nsonga ya china nthawi yomweyo gudumu likuzungulirabe. Akazengereza, ulusi unkatuluka wokhuthala apa n'kuonda apo, ndipo wogula ankauzindikira pongoukhudza. Cha m'ma 1090, mlembi wina dzina lake Qin Guan anafotokoza kale za gudumu loyendetsa ndi phazi, lomwe linkasiya manja onse awiri a mayi ali pa mphika.

Telala_wa_ku_Limbe
Nanga zikwa zoonongeka ankazitaya, bambo aphunzitsi?

Mphunzitsi_Wopuma
Sankataya kanthu. Zikwa zobooka ndi zomwe mbozi ziwiri zalukira pamodzi sizimasulika bwino, choncho ankaziphika n'kuzitambasula kukhala ubweya wofewa woika mkati mwa zovala za nyengo yozizira, ndipo wina ankaupota ndithu monga mwanenera, kukhala ulusi wa mtengo wotsika. Tizilombo totsala mumphika anthu ankadya kapena kudyetsa nsomba ndi ziweto.

MayiWaAlimi
Mwayambira pa mphika, koma thukuta lalikulu linkagwa mphika usanatenthe. Mazira a mbozi ankasungidwa pa mapepala kapena pa nsalu kuchokera chaka chatha, ndipo nyengo yozizira ya kumeneko ikatha, amayi a m'madera ena ankaika mapepalawo pachifuwa mkati mwa zovala kapena m'zofunda kuti kutentha kwa thupi kuthandize mazirawo kuswa nthawi imodzi. Timbozi tongoswa kumene n'tating'ono ngati nyerere, ndipo timafuna masamba anthete odulidwa bwinobwino, ouma, opanda mame. Mbozi imadya kwa mwezi pafupifupi wathunthu, imafundula kanayi, ndipo nthawi iliyonse yofundula imaima chilili osadya kwa tsiku kapena kuposerapo. Ikafundula kachinayi imadya mosalekeza usana ndi usiku, moti masamba ochuluka a nyengo yonse amathera m'sabata yomalizayi. Apa mayi sankagona tulo tathunthu. Ankadzuka usiku kuwonjezera masamba, kuchotsa zitosi ndi zotsalira kuti matenda asabuke, kugawa mbozi m'malichero ena pamene zikukula, ndi kusonkhezera makala kuti chipinda chisazizire. Mbozi zikakhwima ankazikweza pa mitolo ya mapesi a mpunga kuti zikaluke zikwa.

Chimene chimandichititsa mantha ndikamaganizira ntchitoyi ndi kufupika kwa nthawi. Chikwa chikatha, kachilombo ka mkati kamasanduka gulugufe pakangopita masiku 10 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo potuluka kamanyowetsa ndi kuboola chikwacho, ulusi n'kusamasulikanso. Banja linkayenera kumasula zikwa zake zonse m'masiku ochepawo, kapena kupha tizilomboto poanika zikwa padzuwa, pozithira mchere m'mitsuko yotseka, kapena pozifukiza ndi nthunzi. Ulusi wowala kwambiri unkachokera ku zikwa zaziwisi, motero ambiri ankasankha kuthamanga ndi nthawi. Mayi yemwe sanagone mokwanira kwa sabata zingapo ndi yemweyo ankakhala pa mphika kuyambira mbandakucha, zala zili m'madzi otentha.

Kamtedza
Ine ndinamva kuti anayambitsa zonsezi ndi mfumukazi ina yomwe chikwa chinagwera m'kapu yake ya tiyi. Ngati zili choncho, ndiye kuti ulemu unalipo kuyambira pachiyambi.

Mlonda_wa_Mabuku
A Kamtedza, imeneyo ndi nthano ya Leizu, mkazi wa Huangdi, mfumu yomwe nayonso ndi ya m'nthano, yomwe amati inakhalako cha m'ma 2700 Yesu asanabadwe. Nkhani ya kapu ya tiyi ndi chokometsera chomwe chinabwera pambuyo, chifukwa panthawiyo kumwa tiyi kunali kusanayambe. Umboni wogwirika uli m'nthaka. Mu 1926 katswiri wofukula zakale Li Ji anafukula theka la chikwa chodulidwa ndi chida chakuthwa pa mudzi wa Xiyin ku Shanxi, ndipo mu 1958 pa Qianshanyang pafupi ndi Huzhou panapezeka zidutswa za silika za zaka pafupifupi 4,000 kapena kuposa. Luso la amayiwa limaonekera bwino pa chovala chomwe chinapezeka mu 1972 m'manda a Mawangdui ku Changsha, a mayi wolemekezeka yemwe anaikidwa m'zaka za m'ma 160 Yesu asanabadwe. Ndi mwinjiro wautali wa manja aatali, koma umalemera magalamu 49 okha. Dzina la mwini manda likudziwika, koma la amene anamasula ulusiwo silinalembedwe paliponse.

Komabe nthanoyo ili ndi phindu lake, chifukwa ikusonyeza kuti anthu a ku China enieniwo ankaona silika ngati chinthu chochokera m'manja mwa mkazi. Alimi wamba ankapembedzanso mzimu wina wachikazi wa mbozi, womwe ankaujambula ngati mtsikana wofunda chikopa cha kavalo, ndipo ankaupatsa nsembe nyengo isanayambe.

Kamtedza
Ndiye mwavomereza mfundo yanga. Ntchito yokhala ndi mzimu wake ndi mfumukazi yake singakhale yonyozeka.

Mphunzitsi_Wopuma
Pa ulemu wa pakamwa ndi wa mwambo, a Kamtedza akunena zoona. Chiphunzitso cha boma chinali chakuti mwamuna alime, mkazi aombe nsalu, ndipo mafumu ankachionetsa ndi matupi awo. Mfumu inkagwira pulawo n'kulima mizere ingapo pa munda wopatulika, pamene mkazi wake ankathyola masamba a mabulosi n'kudyetsa mbozi. Guwa la mwambowu lomwe mfumu Qianlong inamangitsa mu 1742 likadalipo m'paki ya Beihai ku Beijing, ndipo mkazi wake anachitirapo mwambo mu 1744. Zithunzi zomwe a Nachisale akunena zambiri zimachokera ku ntchito ya Lou Shu, mkulu wa boma wa m'nthawi ya ufumu wa Song, yemwe cha m'ma 1145 anajambula zithunzi 21 za ulimi wa mpunga ndi 24 za silika. Mfumu Kangxi inalamula kuti zijambulidwenso mu 1696 n'kuzifalitsa. Taonani kuti mwa zithunzi za Lou Shu, za ntchito ya amayi zinali zambiri kuposa za amuna.

Wa_ku_Chipata
Bambo aphunzitsi, ndikupempha kuti tifunse chifukwa chomwe mafumu ankalemekezera ntchitoyi chotere, popeza boma sililemekeza chinthu pachabe. Silika anali msonkho, ndipo kwa zaka mazanamazana anali ndalama. M'chiyambi cha ufumu wa Tang, womwe unayamba mu 618, mwamuna aliyense wamkulu ankayenera kupereka mbewu, kugwira thangata masiku 20 pachaka, ndi kupereka nsalu ya silika pamodzi ndi ubweya wa silika, kapena nsalu ya ulusi wa zomera m'madera omwe mabulosi sankachita bwino. Dzina lolembedwa m'kaundula linali la mwamuna, koma gawo la nsalu linkachokera m'manja mwa mkazi wake ndi ana ake aakazi. Ndi mipukutu imeneyi boma linkalipira asilikali a m'malire, kugula akavalo kwa anthu a kumpoto, ndi kugula mtendere. Pa pangano la Chanyuan mu 1005, mafumu a Song analonjeza kupereka kwa a Liao, ufumu wa kumpoto kwawo, mipukutu ya silika 200,000 chaka chilichonse, kuwonjezera pa siliva. Mukawerengera kuti mpukutu umodzi umafuna zikwa masauzande angapo, ndipo chikwa chilichonse chinadutsa pa zala za munthu, mudzaona kuti mwambo wa mfumukazi wa tsiku limodzi unali chikumbutso kwa mabanja kuti msonkho ukudikira.

Kamtedza
Mukulankhula ngati kuti amuna sankalipira msonkho ndi thukuta lawo. Goli linali pa banja lonse.

Wa_ku_Chipata
Sindikukana zimenezo, achimwene. Ndikungonena kuti mwamuna ankadziwika ku boma ndi dzina, pamene mkazi ankadziwika ndi mpukutu.

MayiWaAlimi
Ndilowepo pakati pa inu awiri. Pali chinthu chimodzi chomwe sichioneka m'kaundula wa msonkho, ndicho mphamvu ya mayi m'nyumba pa nyengo ya mbozi. M'midzi yozungulira nyanja ya Tai, mwezi wachinayi wa kalendala yawo unkatchedwa mwezi wa mbozi, ndipo makomo ankatsekedwa, pena n'kumatidwa pepala lofiira kusonyeza kuti alendo asalowe. Kuchezerana kunkaima. M'nyumba munkaletsedwa utsi, fungo la nsomba yokazinga kapena la mowa, phokoso losinja, ndiponso kulowa kwa munthu wochokera ku maliro kapena mayi wongobereka kumene. Zina mwa zoletsazi zinali za chikhulupiriro chabe, koma zambiri zinali nzeru yeniyeni, chifukwa mbozi ya silika imafa msanga ndi utsi ndi matenda obwera ndi anthu. Amene ankalamula m'nyumba mwezi umenewo anali mayi woweta mbozi, ndipo mwamuna ankatumidwa kukathyola kapena kukagula masamba ndi kuwanyamula pa bwato. Mtsikana wodziwa kuweta ndi kumasula ulusi ankafunidwa pa ukwati. Umenewu ndi ulemu wa m'mudzi, wosadalira guwa la ku Beijing.

Chisale_Mkulu
Chondidabwitsa ine n'chakuti amanena ngati kuti chilengedwe ndicho chinagawa ntchito chotero. Kwathu kuno ku Chigwa cha Shire, pamene David Livingstone ankadutsa mu 1859, Amang'anja ankalima thonje lambiri, ndipo kupota ndi kuomba nsalu za machila inali makamaka ntchito ya amuna. Choncho palibe chomwe chili m'zala za mkazi chomwe chimam'kakamiza kukhala wa ulusi. Ndi dongosolo la anthu ndi la boma lawo.

Mlonda_wa_Mabuku
A Chisale anena mfundo yomwe mbiri ya China yomwe imaitsimikiza, chifukwa kugawa kuja sikunakhale chimodzimodzi nthawi zonse. Thonje litafala kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1200, mabanja ambiri anasiya mbozi, ndipo silika anatsalira makamaka m'madera ochepa monga Huzhou, Jiaxing, Suzhou ndi Hangzhou, komanso Sichuan ndi Guangdong. Kenako m'zaka za m'ma 1500, ndipo m'dziko lonse cha m'ma 1581, misonkho yambiri inasinthidwa kuti izilipidwa ndi siliva. Banja silinkaperekanso nsalu ku boma, linkagulitsa ulusi kwa amalonda kuti lipeze siliva. Kuomba nsalu zapamwamba za maluwa kunasamukira m'mizinda, pa zoombera zikuluzikulu zofuna anthu awiri, ndipo ambiri ogwira pamenepo anali amuna olipidwa, kuphatikizapo m'nyumba zoombera za mfumu ku Nanjing, Suzhou ndi Hangzhou. Anthu oomba nsalu omwe anaukira wokhometsa msonkho Sun Long ku Suzhou mu 1601, motsogozedwa ndi Ge Cheng, anali amuna a mtundu umenewu. Gawo lomwe linali ndi malipiro ndi dzina linapita kwa amuna, pamene kuweta mbozi ndi kumasula ulusi kunatsala ndi amayi a kumudzi. Zithunzi za mfumu Kangxi zinkaonetsabe mayi akuomba nsalu ya banja lake panthawi yomwe m'madera olemera a silika zinthu zinali zitasintha kale.

Nachisale_wa_Zomba
Ngati ankagulitsa ulusi pa msika, ndiye kuti ndalama zinkalowa. Kodi sizinawatukule?

Wa_ku_Chipata
Zinkalowa, achemwali, ndipo midzi ya silika inali m'gulu la midzi yolemera ya China. Tawuni ya Nanxun inatchuka ndi ulusi wa ku mudzi wapafupi wa Jili, womwe ankati kuwala kwake kumachokera ku madzi oyera a m'mitsinje ya kumeneko, ndipo silika wa ku Huzhou analandira mphoto pa chionetsero chachikulu cha ku London mu 1851. Koma mabanja olemera kwambiri a ku Nanxun anali a amalonda ogula ulusi. Banja la mlimi lopanda mitengo yokwanira linkagula masamba pa msika, ndipo mtengo wa masamba unkakwera ndendende m'sabata yomwe mbozi zikudya kwambiri, pamene mlimi sangathe kudikira. Ambiri ankakongola kapena kupinyolitsa zovala za nyengo yozizira kuti agule masambawo, n'kudzabweza atagulitsa ulusi. Mbozi zikafa ndi matenda kutatsala masiku ochepa, ngongole inkatsala.

Kamtedza
Komatu lamulo la mfumu Hongwu, woyambitsa ufumu wa Ming, la mu 1381 linkalola mlimi kuvala mitundu ina ya silika yomwe wamalonda ankaletsedwa. Zimenezi mukuzisiya dala.

Wa_ku_Chipata
Lamulolo linalipodi. Koma chilolezo chovala chinthu chomwe uyenera kugulitsa kuti ulipire msonkho ndi ngongole sichifunditsa munthu, ndipo patapita mibadwo ingapo amalonda ankavala silika poyera popanda wowaletsa.

Telala_wa_ku_Limbe
Ndibwerere ku ntchito ya manja, chifukwa ndi imene ikundikhudza. Silika yemwe timasoka ndi wofewa, koma mwanena kuti ulusi unkatuluka ndi ulimbo. Ankauchotsa liti?

Mphunzitsi_Wopuma
Madzi a mumphika ankangofewetsa ulimbowo, ochuluka unkatsalira pa ulusi, ndipo n'chifukwa chake ulusi wongomasulidwa umakhala wolimba ndi wokhakhala. Zimenezi zinkathandiza poomba, chifukwa ulimbo umateteza ulusi kuti usanyotsoke. Asanaombe, amayi ankausamutsa ulusiwo kuchoka pa gudumu kupita pa timitengo tokulungira, n'kupiringiza pamodzi zingwe ziwiri kapena zingapo malinga ndi nsalu yomwe ikufunika. Ulimbo ankauchotsa pambuyo, pophika ulusi kapena nsalu m'chidulo cha phulusa la mapesi, ndipo ena ankaviika m'madzi osakaniza ndi kapamba wa nkhumba, yemwe amasungunula ulimbo osaononga ulusi. Pamenepa silika amataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwake. Kenako nsalu ankaipuntha ndi minsi kuti ifewe ndi kuwala. Chithunzi chotchuka chosonyeza amayi a ku nyumba ya mfumu akupuntha nsalu chotero, chomwe amati anachijambula ndi mfumu Huizong potengera cha wojambula wakale Zhang Xuan, chikusungidwa ku Boston.

Ndiwonjezere kanthu kena komwe mlembi Song Yingxing analemba mu 1637 za alimi a ku Jiaxing ndi Huzhou. Iwo ankaika makala a moto pang'ono pansi pa mbozi pamene zikuluka zikwa, ndiponso pafupi ndi gudumu pamene ulusi ukukulungika, kuti ulusi uziuma ukangotuluka mkamwa mwa mbozi ndiponso ukangotuluka m'madzi. Moto ukachuluka ulusi unkapsa, ukachepa ulusi unkamatana pa gudumu n'kuda. Panalibe chida choyezera kutentha, mayi ankayeza ndi khungu lake.

NaBanda_Joni
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma palibe watchula amayi a ku Shunde, m'chigawo cha Guangdong, omwe kwa ine ndiwo amayankha funso la a Nachisale. Kumeneko kumatentha, mabulosi amaphuka pafupifupi chaka chonse, ndipo mbozi ankaweta kasanu ndi kamodzi kapena kuposa pachaka, pamene ku Huzhou nyengo yaikulu inali imodzi. Manja a atsikana ankafunika nthawi zonse. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1870, Chen Qiyuan anatsegula fakitale yomasulira ulusi pogwiritsa ntchito nthunzi ku Nanhai, dera loyandikana ndi Shunde, ena anatsatira, ndipo atsikana zikwizikwi anayamba kulandira malipiro m'manja mwawo. M'dera lomweli munakula mwambo wa atsikana omwe ankadzipesa okha tsitsi m'kapesedwe ka mkazi wokwatiwa, n'kulumbira pamaso pa mizimu kuti sadzakwatiwa. Ankakhala m'nyumba zawo za pagulu ndi kusonkherana za ukalamba ndi maliro. Ena ankakwatiwa koma osapita kwa mwamuna kwa zaka, ena mpaka kupereka ndalama kuti mwamunayo apeze mkazi wina. Luso linali lomwelo la agogo awo. Chomwe chinasintha n'chakuti ndalama inkafikira kwa mwini zala.

Kamtedza
Ndiye kuti makina ndiwo anawamasula, osati mwambo wa makolo. Pamenepo sindingatsutse kwambiri.

MayiWaAlimi
Musathamange, a Kamtedza. Mwambo wochedwa kupita kwa mwamuna unalipo m'deralo mafakitale asanabwere, ndipo unamera pa silika wa m'nyumba yemweyo, chifukwa makolo sankafuna kutaya msanga mwana wamkazi wodziwa ntchito. Komanso gawo lalikulu la malipiro a atsikanawo linkapita kwa makolo ndi alongo awo, moti pena banja lenilenilo ndilo linkakondwa kuti mwana asakwatiwe. M'fakitale ankaima maola ambiri m'nthunzi, zala zikusupuka ndi madzi otentha, akapitawo akudula malipiro pa ulusi uliwonse wosalingana. Ndipo mafakitale atayamba kugula zikwa zonse, anthu oomba nsalu pamanja ku Nanhai anasowa ulusi, moti mu 1881 anaukira ndi kuphwanya fakitale ina, boma la m'deralo n'kulamula kuti mafakitale atsekedwe kwa kanthawi. Mayi wa kumudzi yemwe kale ankagulitsa ulusi womasula yekha anayamba kugulitsa zikwa zosamasula, ndipo phindu la luso lake la pa mphika linapita kwa mwini fakitale.

NaBanda_Joni
Zonsezo ndi zoona, mayi, koma mtsikana yemwe akutumiza ndalama kwa makolo ake mwa kufuna kwake ali ndi mawu m'banjamo, pamene yemwe ulusi wake ukutengedwa ndi apongozi kukagulitsa alibe. Ine ndikanakhala ku Shunde mu 1890, ndikanasankha nthunzi ya m'fakitale.

MayiWaAlimi
Mukanasankha mukanakhala mtsikana wosakwatiwa wa maso akuthwa. Mafakitale ankafuna atsikana otere, ndipo mayi wa ana yemwe maso ayamba kuchita chidima sankamulemba ntchito, ngakhale kuti pa gudumu la kunyumba akanamasulabe ulusi mpaka ukalamba.